Mwana Asanalembe Theka, Ayambe Walidula

Akuluakulu adati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imfotere yekha. Ambiri amautenga mwambiwu ngati chenjezo kwa mwana wosamva, ndipo salakwa. Komabe m'kati mwake muli nzeru ina ya kaphunzitsidwe imene sukulu zambiri zaitaya. Eni mwambiwu ankadziwa kuti chimene mwana wachigwira ndi manja ake, nachiona chikusintha pamaso pake, sichichoka m'mutu mwake, pamene chimene wangouzidwa chimatuluka m'khutu dzuwa lisanalowe. Palibe phunziro limene likusowa nzeru imeneyi koposa masamu a magawo, amene ena amawatcha mafulakishoni: theka, kota, limodzi mwa magawo atatu, ndi ena otero.

Zimene zimachitika m'makalasi ambiri n'zodziwika kwa aliyense amene adapondako pa sukulu ya pulayimale. Mphunzitsi amalemba nambala imodzi pamwamba, kamzere pakati, nambala ina pansi. Kenaka ana onse amaimba pamodzi kuti ya pamwamba ndi numerator, ya pansi ndi denominator, mpaka mawu awo kumveka kutsidya la msewu. Wodutsa m'njira amati ana akuphunzira. Koma patapita mlungu umodzi, wina atawafunsa anawo kuti chachikulu n'chiti pakati pa 1/4 ndi 1/8, ambiri adzayankha mosakayika kuti 1/8, pakuti adaphunzira kale kuti 8 imaposa 4. Atauzidwa kuti aphatikize 1/2 ndi 1/3, adzaphatikiza za pamwamba pazokha ndi za pansi pazokha, n'kupeza 2/5. Yankho limeneli likutanthauza kuti munthu amene adali ndi theka, ataonjezeredwa china, watsala ndi chochepera theka. Mwanayo saona chodabwitsa chilichonse, chifukwa manambalawo sakumuuza kanthu.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mwana yemweyo akafika kunyumba sapusitsika. Amayi akatenga nzimbe imodzi n'kunena kuti ana anayi agawane, iye amadziwa kukula kwa gawo lake nzimbeyo isanadulidwe. Kukabwera ana a kwa azakhali, onse n'kukwana asanu ndi atatu, nkhope yake imagwa, pakuti wazindikira kuti gawo lake lachepa. Pamenepo wayankha funso limene lidamukanika m'kalasi, ndipo waliyankha molondola. Mwana ameneyu amalowa m'kalasi ali ndi masamu a magawo m'manja ndi m'mimba, koma sukulu imamuuza kuti awasiye pakhomo pamodzi ndi matope a kumapazi. Akalephera mayeso amanenedwa kuti ndi mbuli, chonsecho cholakwa chili pa kaphunzitsidwe.

Kale ana ankaphunzira kugawa kumasanje. Anthu akatha kukolola, ana ankakunkha zotsalira m'minda, namanga timisasa ta mapesi kunja kwa mudzi, naphika zenizeni m'timiphika tawo. Kamtsikana kamene kali mayi wa pamasanjepo kankayenera kudziwa kuti kaufa kamene kali nako kakwanira anthu angati, ndiponso kuti kandiwo kagawidwa motani kuti pasakhale wolira. Palibe amene ankatcha zimenezi kuti masamu, koma ntchito yake idali yomweyo. Nawonso agogo amene sadalowepo m'kalasi ankagwiritsa ntchito ndalama zovuta kuposa za masiku ano. Kwacha ndi tambala zisanabwere mu 1971, paundi idali ndi masheleni 20, ndipo sheleni idali ndi mapeni 12. Sikisipensi idali theka la sheleni, tiki idali kota ya sheleni, pamene hafukolauni, imene idali masheleni awiri ndi theka, idali limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a paundi. Mayi wogulitsa mowa kapena ufa pamsika ankabweza chenje cha ndalama zimenezi osaphonya ngakhale peni imodzi. Adaphunzira pozigwira, pozisintha ndi pozitaya kamodzi kapena kawiri. Ngati agogo osaphunzira ankatha zimenezi, n'chifukwa chiyani mdzukulu wovala yunifolomu akukanika kusiyanitsa kota ndi theka?

Anthu ena amaganiza kuti kuphunzitsa masamu mwa masewera ndi mafashoni obwera ndi mabungwe akunja. Mbiri ikuwatsutsa. Limodzi mwa mabuku akale kwambiri a masamu amene alipo lero lidalembedwa mu Africa momwe muno, ku Egypt, cha m'ma 1550 Khristu asanabadwe. Mlembi wina dzina lake Ahmes adalikopera pa gumbwa kuchokera ku buku lina lakale koposa, ndipo lero likusungidwa ku British Museum mu mzinda wa London, komwe limadziwika ndi dzina la Rhind, munthu amene adaligula ku Luxor mu 1858. Mafunso oyambirira a m'bukuli ndi a kugawa mikate pakati pa anthu khumi. Pogawa mikate 9, munthu aliyense ankalandira 2/3 ya mkate, kuonjezerapo 1/5, kuonjezeranso 1/30. Masamu a magawo adabadwira pa chakudya ndi pa malipiro a antchito, pamene anthu ankafuna kuti wina asadyeredwe masuku pamutu. Zolembalemba zidabwera pambuyo, kudzasunga chimene manja adachita kale.

Aphunzitsi otchuka a ana aang'ono adatsata njira yomweyo. Friedrich Froebel wa ku Germany, amene adayambitsa dzina lakuti Kindergarten mu 1840, ankapatsa ana kathabwa kodulidwa m'tizidutswa tofanana tisanu ndi titatu kuti aziphwasula ndi kumanganso. Maria Montessori adatsegula sukulu yake yoyamba mu 1907 mu mzinda wa Rome, pakati pa mabanja osauka, ndipo m'sukulu zotsata njira yake ana amagwira timbale tozungulira todulidwa pawiri, patatu, mpaka pakhumi, asanaone nambala ya magawo ngakhale imodzi. Mu 1966 katswiri wa ku America, Jerome Bruner, adalongosola kuti mwana amamvetsa chinthu m'masitepe atatu: poyamba pochichita ndi manja, kachiwiri pochiona pa chithunzi, ndipo pomaliza pochilemba ndi zizindikiro. Dziko la Singapore lidakhazika masamu a ku pulayimale pa ndondomeko imeneyi kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo ana ake akhala akutsogola pa mayeso a masamu oyerekeza maiko. Anthu onsewa adafika pa chimene mwambi wa nyanga ya nsatsi udanena kalekale. Sukulu imene imayambira pa sitepe yachitatu ili ngati munthu wofolera denga nsichi asanazike.

Wina anganene kuti nkhaniyi ndi yaing'ono, pakuti magawo ndi mutu umodzi chabe m'buku la masamu. Mu 2012 Robert Siegler ndi anzake adafalitsa zotsatira za kafukufuku amene adaunika ana a ku America ndi ku Britain kwa zaka zingapo. Adapeza kuti kumvetsa magawo ndi masamu ogawa pa msinkhu wa zaka pafupifupi khumi kumalosera mmene mwanayo adzakhozere masamu ku sekondale, ngakhale mutachotserapo kusiyana kwa chuma cha makolo ndi nzeru zachibadwa. Mmera mpoyamba. Mwana amene magawo adamudutsa adzapunthwa pa madesimo, pa maperesenti, ndiponso pa masamu onse a zilembo amene akumudikira ku Fomu 1. Pamenepo adzayamba kunena kuti masamu si a mtundu wawo, ndipo chitseko cha unamwino, uphunzitsi wa sayansi ndi ntchito zomangamanga chidzatsekeka iye asanagogode n'komwe.

Ngakhale amene sadzafika ku sekondale sangawathawe magawo. Mlimi amene ali ndi theka la ekala ayenera kudziwa kuti malangizo a fetereza operekedwa pa ekala yathunthu awadula pakati, ndiponso kuti theka la thumba la makilogalamu 50 ndi makilogalamu 25. Mayi amene wauzidwa kuchipatala kuti mwana azimwa theka la piritsi ayenera kudziwa kuti theka ndi magawo awiri ofanana, osati kachidutswa kalikonse kamene kabenthuka. Wosungunula mankhwala a mwana wotsekula m'mimba m'lita imodzi ya madzi, pamene m'nyumba muli botolo la theka la lita lokha, ayenera kudziwa kuti athira mabotolo awiri. Wobwereka ndalama za katapila akauzidwa kuti chiwongoladzanja ndi 50 pa 100 aliyense, ayenera kumva mumtima kuti akubweza ndalama yonse ndi theka lake pamwamba. Telala wodula nsalu, kalipentala woyeza thabwa, abale ogawana munda wa masiye, onsewa amadya kapena kugona ndi njala malinga ndi mmene amadziwira magawo. Munthu wosadziwa theka amabedwa masana dzuwa likuswa mtengo, n'kuthokoza wakubayo.

Tsono otsutsa ali ndi zifukwa zawo, ndipo ziyenera kuyankhidwa chimodzichimodzi. Choyamba amati kulibe zipangizo. Dandaulo limeneli ndi lofooka koposa onse, chifukwa zipangizo za phunziroli zili mbwee kuseri kwa kalasi iliyonse. Phesi la chimanga limaduka ndi manja. Luzi kapena chingwe chimapindika pakati kupereka theka, chikapindidwanso chimapereka kota, chikapindidwa kachitatu chimapereka limodzi mwa magawo asanu ndi atatu, ndipo mwana amaona yekha kuti kupinda kukachuluka gawo limafupika. Dongo la kudambo limaumbika ngati chigumu n'kudulidwa ndi kamtengo. Zitsekerero za mabotolo 12 zimagawika pawiri kupereka 6, patatu kupereka 4, panayi kupereka 3, pasanu ndi kamodzi kupereka 2. Mwana amene watenga theka la zitsekererozo, ndiye kuti 6, n'kuonjezerapo limodzi mwa magawo atatu, ndiye kuti 4, ali ndi 10 mwa 12 m'manja mwake, ndipo palibe amene angamunamize kuti yankho ndi 2/5. Ngakhale bawo limene akuluakulu amasewera pansi pa mtengo lili ndi maenje 32 m'mizere inayi: mzere umodzi wa maenje 8 ndi kota ya bawo lonse, ndipo mbali ya wosewera mmodzi, ya maenje 16, ndi theka. Ana angathe kukumba maenjewo pa bwalo la sukulu popanda kuwononga tambala. Aphunzitsi a m'Malawi amaidziwa bwino mfundo ya TALULAR, yolimbikitsa kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo, imene akadaulo a ku Malawi Institute of Education ku Domasi akhala akuifalitsa. Vuto n'lakuti m'sukulu zina zipangizozo zimapangidwa kuti zikongoletse khoma pa tsiku lobwera oyendera sukulu, kenaka n'kutsekeredwa m'kabati kuti ana asaziwononge. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chipangizo chimene mwana saloledwa kuchigwira sichisiyana ndi chithunzi cha nsima kwa munthu wanjala.

Chachiwiri amati ana ndi ochuluka. Ichi n'choona, ndipo wochikana sadalowepo m'kalasi ya Sitandade 1 kapena 2. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ana m'sukulu chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo si zachilendo kupeza mphunzitsi mmodzi ali ndi ana oposa 100. Koma kuchuluka kwa ana ndiko kukutsutsa njira ya bolodi. Mwana wokhala kumbuyo kwa anzake 100 saona bwino zolembedwa, samva bwino zonenedwa, ndipo amangotsatira nyimbo ndi milomo. Mwana yemweyo akapatsidwa phesi kuti agawane ndi mnzake wa pambali, phunziro lafika m'manja mwake ngakhale mphunzitsi ali kutali. Ana okhala anayianayi pansi pa mtengo amakonzana okha, chifukwa palibe mwana amene amalola kulandira gawo laling'ono mwakachetechete. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo mphunzitsi amene akufuna kunyamula yekha mitu 100 adzatopa pachabe pamene ali ndi athandizi 100 patsogolo pake.

Chachitatu amati masewera amabweretsa phokoso ndi chipwirikiti. Pali aphunzitsi aakulu ena amene amayeza ubwino wa sukulu ndi bata, kotero kuti mphunzitsi wachinyamata akatulutsa ana panja ndi mapesi amaitanidwa ku ofesi kukafunsidwa ngati walephera kuwalamulira. Makolo enanso akaona mwana wabwera ndi dongo m'zikhadabo amadandaula kuti adamutumiza kukaphunzira, osati kukaumba ng'ombe. Onsewa aiwala kuti kumanda nakonso kuli bata. Phokoso la ana awiri amene akukangana ngati zidutswa zawo zili zofanana ndi phokoso la anthu amene akuganiza, ndipo limaposa kutali nyimbo ya ana 100 obwereza mawu amene sakuwamva. Mwambo m'kalasi ndi wofunika, ndipo mphunzitsi waluso amaukhazikitsa ndi malamulo ochepa omveka bwino: wodula asankhe pomaliza, gulu lililonse likhale ndi mtsogoleri, belu likalira manja onse m'mwamba. Lamulo loyambalo palokha limaphunzitsa kufanana kwa magawo koposa maola atatu a kulongosola.

Chachinayi amati nthawi ndi yochepa, silabasi ndi yaitali, ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8 safunsa za mapesi. Amaonjezera kuti mphini yobwereza ndiyo imawala, choncho ana azingobwereza malamulo mpaka alowe m'mutu. Mwambiwo ndi woona, koma mphini imabwerezedwa pamene padatemedwa kale. Kubwereza chinthu chimene mwana sadachimvetse n'kutema pamadzi. Mphunzitsi amene wakana kutaya milungu iwiri pa mapesi ndi dongo m'makalasi oyambirira amasiyira anzake a m'makalasi a patsogolo ntchito yophunzitsanso magawo chaka ndi chaka kwa ana amene amaloweza lero n'kuiwala mawa. Nthawi imene ankati akupulumutsa imatayika kangapo. Mwana amene adadula yekha theka ndi kota, akaiwala lamulo m'chipinda cha mayeso, amatha kujambula kabokosi pambali pa pepala n'kulipezanso. Woloweza akaiwala, watha.

Komabe pali chenjezo limene okonda masewera ayenera kulimva, pakuti nawonso amalakwitsa. Kupatsa ana dongo n'kukakhala pa mpando sikuphunzitsa. Masewera opanda funso la mphunzitsi amathera pa kuumba ng'ombe basi. Ndiponso kugawa kwa kumudzi si nthawi zonse pamene kumakhala kofanana. Nkhuku ikaphedwa, nthutumba imapita kwa mlendo kapena kwa bambo. Mlenje akapha nyama yaikulu ankapatula gawo la mfumu. Mtanda wa nsima wa mkulu sulingana ndi wa mwana. Kugawa kotereku kumatsata ulemu, ndipo kuli ndi malo ake. N'chifukwa chake mwana amatha kunena kuti akufuna theka lalikulu, chifukwa kwa iye theka ndi chidutswa chilichonse cha chinthu chodulidwa pawiri. Apa ndi pamene ntchito ya mphunzitsi yagona. Iye ayenera kufunsa kuti, kodi zidutswazi zikufanana? Mwadziwa bwanji? Tazisanjikizani tione. Ayenera kuika theka la mandasi pambali pa theka la dzungu, kuti ana aone kuti theka limakula kapena kuchepa malinga ndi chinthu chathunthu chimene ladulidwako. Manja akatha ntchito yawo, ana ajambule pamchenga chimene achita, ndipo akatha kujambula ndi pamene alembe 1/2, akudziwa kuti 2 ikunena magawo ofanana amene chinthu chadulidwa, ndipo 1 ikunena gawo limene latengedwa. Pamenepo mawu achingerezi aja angabwere, chifukwa apeza chinthu choti akhalepo. Mphunzitsi wosiyira pa masewera walakwa mofanana ndi woyambira pa bolodi: wina wamanga mlatho wosafika tsidya lino, mnzake wosafika tsidya lija.

Udindo tsono uli pa anthu odziwika. Makoleji ophunzitsa aphunzitsi aonetsetse kuti wophunzira aliyense wadulapo phesi ndi kupinda chingwe yekha asanapatsidwe kalasi, pakuti ambiri mwa iwo adaphunzira magawo mwa kuloweza, ndipo munthu amaphunzitsa mmene adaphunzitsidwira. Alangizi a maphunziro a m'mazoni akafika pa sukulu asakhutire ndi makope a mapulani olembedwa mwaukhondo. Atenge mwana mmodzi wa kumbuyo, ampatse chingwe, amuuze kuti aonetse kota, ndipo adzadziwa zoona za sukuluyo m'mphindi imodzi. Aphunzitsi aakulu ateteze mphunzitsi amene watulutsa ana panja m'malo momudzudzula. Makolo nawo ali ndi kalasi yawo kukhitchini: mayi amene akudula chinangwa kapena bambo amene akugawa nzimbe angathe kumpatsa mwana mpeni wosathwa n'kumufunsa kuti anthu alipo angati, aliyense alandira gawo lotani, nanga kukabwera mlendo zisintha bwanji. Funso lotere silifuna satifiketi.

Kuwongola mtengo mpoyamba. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene lero akukangana ndi mnzake pa kutalika kwa zidutswa ziwiri za phesi ndi yemwe mawa adzayeza mankhwala m'chipatala, adzagawa munda wa makolo ake popanda mlandu, ndipo adzakana ngongole imene ikufuna kumudya. Sukulu imene ikumulanda phesilo n'kumupatsa nyimbo yoloweza ikumulanda zonsezi, ndipo ikuchita zimenezi m'dzina la mwambo ndi bata.